Tinyambo ta magalamu 3 pa baitcaster, vuto ndi ndodo kapena dzanja langa?

Owerenga athu ena alemba motere:

"Akulu moni. Ndakhala ndikuwedza bass ndi baitcaster zaka ziwiri tsopano, ndimawedza ndili kumtunda, ndipo ndikamaponya nyambo zikuluzikulu palibe vuto. Koma masiku ano nsomba zachenjera, nyambo yaikulu zikungoyiyang'ana basi, nde ndayamba kuyesa tinyambo ting'onoting'ono ta magalamu 3 mwina 4. Apa nde mavuto, chingwe chikungopiringizana mu reel, kanyambo kakugwa pafupi komanso kakuthawira kumanzere osati kumene ndaloza. Ndimaponya cham'mbali ndi dzanja lamanja. Ndodo yanga ndi medium heavy, inalembedwa 10 mpaka 28 g, kutalika mafiti 7. Anzanga ena akuti ndigule ndodo yopepuka ya baitcaster, ena akuti ndisiye zimenezi ndingogula spinning. Kodi ndodo yopepukayo ingathetsedi vutoli, ndipo pogula ndiyang'ane chani? Kapena dzanja langa ndi limene silinaphunzire?"

Zikomo achimwene polemba, ndipo khazikani mtima pansi, dzanja lanulo lilibe mlandu. Munthu amene watha zaka ziwiri akuponya nyambo za magalamu 14 kaya 20 chingwe osasokonekera ndiye kuti chala chake chachikulu chinaidziwa kale ntchito. Zinthu zitatu mwatchulazo, kupiringizana, kugwa pafupi ndi kuthawira kumanzere, zonsezo muzu wake ndi umodzi, ndipo pafupifupi aliyense amene anayamba kuchepetsa nyambo pa baitcaster, reel (chokulungira chingwe) yokhala pamwamba pa ndodo, anadutsa momwemo, ine ndemwe ndinadutsamo.

Tiyambe ndi chimene chikuchitika mukamaponya. Chimene chimaulutsa nyambo si mkono kwenikweni, ndi ndodo. Mukaikokera m'mbuyo kenako n'kuibweretsa kutsogolo, kulemera kwa nyambo kumaipinda ndodoyo, ndiye ikamawongoka imaikankha nyambo liwiro likukwera pang'onopang'ono. Ndodo yanu ya medium heavy anaipanga kuti iyambe kupinda ndi magalamu 10 kupita m'mwamba. Mukamangirira kanyambo ka magalamu 3 siyimamva n'komwe kuti kunsongako kuli kanthu, imangokhala gwa ngati mpini wa khasu. Nde inu poona kuti sizikupita mumaonjezera mphamvu, mumakwapula ndi dzanja, ndipo kukwapulako kumadzidzimutsa spool, kagudumu kokulungapo chingwe mkati mwa reel, imanyamuka mwaliwiro nthawi imodzi pomwe kanyambo kaja kakangoyenda mamita angapo mpweya wakachepetsa kale liwiro. Spool ikutulutsa chingwe chochuluka kuposa chimene kanyambo kakukoka, chotsalacho chilowere kuti? Chimafufuma mkati momwemo, ndi kupiringizana mukudandaulako.

Za kumanzerezo nazonso zili ndi chifukwa chake. Pa spinning, reel ya mtundu wina yokhala pansi pa ndodo, spool siyizungulira poponya, chingwe chimangovuka chokha. Pa baitcaster kanyambo kamayenera kuikoka spool kuti iyambe kuzungulira, ndipo spool yolemera kwa kanyambo kopepuka ili ngati wilibala yodzaza mchenga kwa mwana wamng'ono, poyamba imakana kusuntha, ikasuntha mwanayo sangaiimitsenso. Mukachotsa chala spool imachedwa kunyamuka, ndodo ili kupitirizabe ulendo wake, nde zimakhala ngati mwachedwa kumasula, kanyambo n'kukokedwera kumanzere poti mumaponya cham'mbali ndi dzanja lamanja. Mukanakhala kuti mukuponya modutsa pamutu bwenzi kakumenya madzi pafupi ndi mapazi anu. Ndiye munthu pothawa kupiringizana amamanga kwambiri mabuleki ochepetsa liwiro la spool, mapeto ake kanyambo kakugwa pamamita 10.

Tsopano funso lanu lenileni, kodi ndodo yopepuka ithetsa vutoli? Ithetsa gawo lalikulu koma osati lonse, ndipo sindikufuna mukagule ndodo kenako mudzandinene kuti ndinakunamizani. Kawedzedwe kameneka kali ndi dzina lake, amakatcha bait finesse kapena BFS mwachidule, ndipo kanakulira ku Japan kumene nyanja zambiri za bass zimawedzedwa ndi anthu ochuluka moti nsomba zake ndi zochenjera ngati zanuzo. Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Yukihiro Sawamura, katswiri wa mipikisano ya bass amene kudzera ku kampani ya KTF ankapanga ma spool opepuka oika mu ma baitcaster wamba. Kenako makampani akuluakulu anayamba kutulutsa ma reel opangidwira zimenezi, Shimano ili ndi Aldebaran BFS ndi Curado BFS, Daiwa ili ndi Alphas Air ndi Steez Air, ndipo owedza trout m'timitsinje ta m'mapiri nawonso anazitengera. Chimene ndikufuna muone apa n'chakuti nkhani yonseyi inayambira pa spool. Spool ya BFS imakhala yosaya komanso yopyapyala, zambiri sizifika magalamu 10, pomwe ya reel wamba imalemera kuposa pamenepo ndiye muphatikize chingwe chamamita 100 chodzaza m'menemo.

Mmene ndaonera ine zaka zonsezi, malire ali chapa magalamu 5. Ngati nyambo zanu zili pakati pa 5 ndi 7, kusintha ndodo kokha kumakwanira, reel yanu yomweyo mungoichepetsa chingwe. Mukatsika pansi pa 5, ndodo ndi spool ziyenera kusintha zonse. Sikuti mpaka mugule reel yatsopano ayi, pali makampani ngati Avail ndi KTF amene amapanga ma spool osaya olowa m'ma reel ena otchuka, bola mutsimikize kuti ndi ya mtundu wa reel yanuyo ndendende chifukwa ma spool salowana chisawawa.

Koma musanagule kanthu kalikonse, pezani kasikelo kakang'ono koyeza magalamu muyeze nyambo zanu. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa ndipo ndikhalapo pang'ono. Mwanena kuti tinyambo tanu ndi ta magalamu 3 mwina 4, kodi mwayeza kapena mwawerenga papaketi? Chifukwa jig head (mbedza yokhala ndi mutu wa mtovu) yolembedwa 1/16 oz (ounce) ndi magalamu 1.8 yokha, koma mukavekapo kanyongolotsi kapulasitiki zonse pamodzi zimatha kudutsa magalamu 4 kapena 5, makamaka tapulasitiki tokhala ndi mchere mkati timalemera kuposa mmene timaonekera. Ned rig (jig head yaing'ono yovekedwa kapulasitiki kakafupi) imene anthu amaitenga ngati nyambo yopepukitsitsa, mukaiika pasikelo yonse mupeza kuti ili m'gulu loti ndodo ya light imaponya mosavuta. Ndodo imamva kulemera kwa zonse zimene zapachikika kunsonga, mbedza, mtovu, pulasitiki, osati nambala ya papaketi. Ndaonapo anthu akugula ndodo ya ultra light poganiza kuti amaponya magalamu 2, kenako n'kumadabwa kuti ndodo ikuwefuka poponya ndipo mbedza siyikulowa mkamwa mwa nsomba, pomwe nyambo zawo zenizeni zinali za magalamu 6.

Kulemera sikokha, kaumbidwe ka nyambo nakonso kali ndi mbali yake. Kaspuni kachitsulo ka magalamu 3 kamaboola mpweya n'kupita kutali bwinobwino. Koma tengani nyambo yotchedwa Rapala Original Floater ya masentimita 5, nayonso ndi magalamu 3, poti ndi ya mtengo wa balsa wopepuka imagudubuzika m'mwamba n'kutaya liwiro msanga, ndipo imeneyi ndi imene imapiringiza chingwe olo kwa anthu ozolowera. Countdown ya kampani yomweyo, kutalika komweko masentimita 5, ndi magalamu 5 ndipo imaponyeka ngati kamwala. Nde ngati nyambo zanu zambiri ndi za mtundu wogwira mphepo, muziziwerengera ngati zopepuka kuposa mmene sikelo yanenera.

Mukadziwa kulemera kwenikweni, pitani pa manambala olembedwa pandodo pamwamba pa chogwirira. Zina amalemba m'magalamu, zina m'ma ounce, ndiye sungani izi: 1/16 oz ndi magalamu 1.8, 1/8 ndi 3.5, 3/16 ndi 5.3, 1/4 ndi 7, ndipo 3/8 ndi 10.6. Langizo langa ndi loti nambala yapansiyo musamaikhulupirire kwambiri. Ndodo yolembedwa 3 mpaka 14 g ikhoza kuponyadi magalamu 3 koma mokakamiza, pamene imagwira ntchito mokoma ndi chapakati, 7 kapena 8. Inu mukufuna ndodo yoti nyambo imene mumaponya tsiku lonse igwere pakati pa manambala awiriwo. Ngati zoona zake ndi magalamu 3 mpaka 4, yang'anani yolembedwa 1 mpaka 7 kapena 2 mpaka 7. Ngati sikelo yakuuzani kuti muli pa 4 mpaka 6, ya 2 mpaka 10 ndiyo yanu. Ndipo mawu oti ultra light, light, medium light asakusokonezeni, palibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsatira, light ya kampani ina ndi medium light ya inzake, komanso ndodo ya bass yolembedwa light imakhala yolimba kuposa ya trout yolembedwa chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi kapindidwe, chimene amalemba kuti action. Fast ndiye kuti imapinda chakunsonga kokha, moderate imapinda mpaka chapakati, ndipo pali zapakatikati ngati moderate fast. Pa tinyambo topepuka izi ndi zofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Ndodo ya extra fast imawongoka mofulumira kwambiri moti kanthawi koti muchotse chala kamakhala kochepetsetsa, mukaphonya pang'ono basi kanyambo kapita kolakwika. Yopinda mpaka chapakati imakukhululukirani, imanyamula kanyambo n'kukatulutsa mofatsa, spool n'kunyamuka mopanda kudzidzimuka. Koma nayo ili ndi kuipa kwake, mukamawedza pansi ndi nyambo ya mbedza imodzi ngati jig kapena kanyongolotsi, pamafunika msana wolimba kuti mukakoka mbedza iboole, ndodo yofewa thupi lonse imangopinda mphamvu n'kuthera m'njira. Pomwe nyambo za timbedza titatu ngati ti minnow ndi ti crankbait (tinyambo tolimba tooneka ngati tinsomba) zimafuna ndodo yofewa, chifukwa timbedza take ndi tating'ono, ndodo yolimba imating'amba mkamwa nsomba ikagwedeza mutu. Kwa munthu wogula ndodo yoyamba ya mtundu umenewu ine ndimati moderate fast, nsonga yofewa koma kuyambira pakati kutsika kuli mphamvu. Siyipambana pa chilichonse koma imagwira zonse mosadandaulitsa.

Ngati muli ndi mwayi woigwira ndodoyo musanalipire, pali mayeso awiri amene ine sindidumpha. Loyamba, lowetsani chingwe m'timphete, mangani nyambo yanu yeniyeni ilendewere, ndiye gwedezani pang'onopang'ono ngati mukufuna kuponya. Nsonga iyenera kuwerama n'kumamveka m'dzanja kuti yanyamula kanthu. Ikangokhala chilili osagwedera, imeneyo ndi yolimba kwa nyambo yanu kaya palembedwa zotani. Lachiwiri, ikwapuleni kamodzi m'mwamba popanda nyambo muone kuti nsonga ikusiya liti kunjenjemera. Ndodo yabwino imagwedera kamodzi kawiri n'kuima. Ina imapitiriza kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumakoka chingwe modukizadukiza nthawi imene spool ili paliwiro, chimenenso chimabweretsa kupiringizana. Apa ndi pamene pamasiyana ndodo yofewa yopangidwa bwino ndi ndodo yongowefuka, ndipo m'maso zimaoneka zofanana mpaka mutaziyesa.

Mudzakumananso ndi mawu oti solid tip ndi tubular. Tubular ndi yamphako kuyambira pansi mpaka kunsonga, solid tip ndiye kuti kachigawo kakunsonga n'kopanda mphako, kamakhala kowonda ndi kofewa kwambiri. Solid tip imaonetsa m'maso nsomba ikangojompha, imalolanso nsomba kumeza nyambo isanamve kuti yakokedwa, ndiye pa drop shot (mtovu kumapeto kwa chingwe, mbedza pamwamba pake) ndi nyambo zokwawa pansi ndi yabwino zedi. Kuipa kwake, zambiri kansonga kofewako kamalumikizana ndi thupi lolimba, poponya kamapinda kokhako thupi osathandiza, ndipo kugwedeza ti minnow nayo sikukoma chifukwa kansongako kamameza kugwedezako. Yoyamba gulani tubular, solid tip idzabwere mukadziwa kuti mumakonda kuwedza motani.

Za zipangizo sinditaya nthawi yambiri. Ndodo zambiri ndi za carbon, ndipo mudzaona manambala ngati 24T, 30T, 40T. Nambala ikamakwera carbon yake imakhala youma, ndodo imapepuka ndipo imamveketsa bwino zapansi pamadzi, koma imakhalanso yosachedwa kuthyoka ikagundidwa. Musathamangire nambala yaikulu. Fiberglass ndi yolemererapo komanso siyimveketsa kwambiri, koma imapinda mokoma ndi kanyambo kopepuka, n'chifukwa chake owedza trout m'timitsinje ambiri amaikonda pa ndodo zazifupi.

Kutalika kumatengera malo. M'timitsinje tothinana momwe nthambi zili pamutu, anthu amagwiritsa ntchito za mafiti 4 ndi theka mpaka 5 ndi theka, zoponya ndi dzanja limodzi pafupipafupi. Inu mukuwedza bass muli kumtunda, nde mukufuna kutalika pang'ono kuti mufike patali komanso muzitha kunyamula chingwe pamwamba pa udzu wa m'mphepete, chapakati pa 6'4" ndi 6'10", kumene ndi pafupifupi masentimita 193 mpaka 208. Kupitirira mafiti 7 pa ndodo yofewa chonchi nsonga imayamba kulemera ndipo kulunjika kumachepa, pomwe kulunjikako ndi chifukwa chenicheni chimene munthu amasankhira baitcaster.

Timphete todutsa chingwe anthu satiyang'ana koma pa ndodo yopepuka ya baitcaster ndi nkhani yaikulu. Pa baitcaster timphete timakhala pamwamba pa ndodo, ndiye ndodo yofewa ikapinda kwambiri chingwe chimafuna kudutsa njira yachidule, chimakhudza thupi la ndodo pena mpaka kutsikira m'munsi mwake ngati timphete tatalikirana. Chingwe chowonda chikamakhuzika chonchi nsomba ikukoka, sichichedwa kufooka. Yesani pomanga chingwe pachinthu cholimba n'kupinda ndodo mosamala muone ngati chikukhudza. Ndodo zina amazunguliza timphete kuchoka pamwamba kupita pansi, amati spiral wrap, zimaoneka zachilendo koma zimathetsa vuto limeneli komanso ndodo siyipotoka m'dzanja. Onaninso kukula kwa timphete takunsonga, tina ndi tating'onoting'ono kwambiri moti ngati mumalumikiza braid (chingwe cholukidwa) ndi leader (kachingwe kakafupi komangirako nyambo) mfundo yake imagunda podutsa, ndipo kugunda kamodzi kokha pa kanyambo ka magalamu 3 n'kokwanira kupiringiza spool. Za mtundu wa timphete, kampani ya Fuji ndi imene imadziwika kwambiri, mwa mitundu yake Alconite ndi yokwanira bwinobwino, SiC ndi Torzite ndi zapamwamba koma si zimene zingakuphereni nsomba zambiri. Ndipo chonde musayese kumanga baitcaster pa ndodo ya spinning poti ndi yofewa kale, ilibe kokolowekera chala, timphete take ndi tochepa komanso anatiika kuti tizikhala pansi.

Mukamasankha muimange reel yanu pandodopo muone mmene ikukhalira m'dzanja. Ndodo ikhoza kukhala yopepuka pasikelo koma yolemera kutsogolo, ndipo tsiku lonse mukugwedeza kanyambo dzanja limatopa n'kusiya kumva kujompha kwa nsomba.

Chingwe ndichitchule chifukwa chimatha kuononga zonse takambazi. Chingwe chimene chili pa spool ndi kulemera kumene kanyambo kayenera kuzungulitsa, nde osadzaza. Mamita 40 kapena 50 ndi okwanira, simudzaponya kupitirira apo. Pa mitundu ya chingwe, fluorocarbon ya 5 mpaka 8 lb (mapaundi, muyezo wa kulimba kwa chingwe) ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito pa bass, koma dziwani kuti ndi yolemera, kulemera kwake poyerekeza ndi madzi ndi pafupifupi 1.78 pomwe nayiloni ndi 1.14 ndipo braid ndi 0.97, ndiye mukaidzaza spool yopepuka ija yasanduka yolemera. Braid ya PE 0.6 kapena 0.8 (manambala a kunenepa kwa chingwe) yokhala ndi leader imapepukitsa spool ndipo imafika patali, koma yowonda kwambiri imadzilowerera yokha mukakoka mwamphamvu, kuponya kotsatira n'kugwira mwadzidzidzi, kanyambo n'kuduka kupita. Mukakoka nsomba kapena mukakodwa, vuulani mamita angapo ndi dzanja musanaponyenso.

Kaponyedwe nakonso kasinthe. Ndodo yatsopanoyo mukaikwapula ngati yakale ija mudzaona ngati mwagula chinthu cholakwika. Siyani kanyambo kalendewere masentimita 30 kapena 40 kuchokera kunsonga, kokerani m'mbuyo mofatsa mpaka mumve kuti ndodo yalemedwa, osaima, bwererani kutsogolo ndi liwiro lokwera pang'onopang'ono, ndipo chala muchichotse msanga kuposa mmene munazolowerera. Masiku oyamba kanyambo kazipitabe kumanzere pang'ono, lozani chakumanja mpaka dzanja lipeze nthawi yake. Yambani ndi magalamu 5 mabuleki ali okwera, mukaponya kakhumi popanda vuto tsitsani buleki pang'ono, kenako tsitsani nyambo. Kachotsekera kam'mbali komanga spool musakamange kwambiri, kangochotsa kugwedera kwa spool basi, ntchito yotsalayo ndi ya mabuleki ndi chala.

Tsopano zoopsa zake, chifukwa ndodo zimenezi ndi zosalimba poyerekeza ndi imene muli nayo. Ndodo yanga yoyamba ya light ndinaithyola ndekha pasanathe mwezi. Nsomba inali itafika pamapazi, ine n'kuimika ndodo chilili kuti ndiigwire ndi dzanja linalo, kulemera konse kunapita kunsonga ndipo inathyoka pakati pa kamphete kachiwiri ndi kachitatu. Zinandiwawa kwambiri, ndipo vuto silinali la ndodo. Ndodo imapirira ikapinda thupi lonse, koma ikaima chilili chingwe chikuloza pansi imapinda nsonga yokha. Osanyamula nsomba m'madzi ndi ndodo, khalani ndi kaukonde kotolera. Mukakodwa pachitsa osakwapula ndodo, komanso osakoka molimbana ndi reel chifukwa ma spool opyapyala aja amatha kupindika, kulungani chingwe pakamtengo mukoke ndi kamtengoko. Drag, chimene chimagwira spool nsomba ikamakoka, ikhale yomasuka moti nsomba ikathamanga chingwe chizituluka. Ndipo carbon imadutsa magetsi, kukayamba ziphaliwali ikani ndodo pansi muchokepo, chimodzimodzi pafupi ndi mawaya a magetsi.

Palinso za nsombayo. Ngati kumene mumawedza kuli ziyangoyango, bango lothinana kapena mitengo yomira, ndodo ya light ndi chingwe cha 6 lb sizingatulutse bass yaikulu m'menemo, idzakudulirani n'kupita ndi mbedza mkamwa. Olo pamalo oyera, kulimbana ndi nsomba yaikulu nthawi yaitali pa zida zopepuka kumaitopetsa kwambiri makamaka madzi akatentha, ndipo ngati mumaibweza m'madzi ikhoza kukafa pambuyo pake. Malo oterowo ndodo yanu ya medium heavy ikadali ndi ntchito, musaigulitse.

Anzanu akunena za spinning aja sakunama ayi, ndipo ndisakubisireni. Pansi pa magalamu 2, kapena mukamaponya moyang'anizana ndi mphepo yamphamvu, spinning imapambana ndipo siyivutitsa mutu. Ngati cholinga chanu ndi kungofikitsa kanyambo patali mosavuta, njira yachidule ndi imeneyo. Chimene baitcaster yopepuka imakupatsani ndi china, kanyambo kamayenda chapansipansi moti mumatha kukalowetsa kunsi kwa nthambi, chala chimakachepetsa liwiro kakatsala pang'ono kugwa n'kutera mwakachetechete osadzidzimutsa nsomba, fluorocarbon siyipotana ngati pa spinning, komanso mumaponya mobwerezabwereza mwachangu. Kwa nsomba zochenjera ngati mukunenazo, kutera mwakachetechete pamalo enieni ndi kumene kumasiyanitsa, ndipo poti dzanja lanu linazolowera kale baitcaster ine sindikuona chifukwa choti muthawe. Ndikanakhala inu ndikanatenga ndodo ya light, tubular, moderate fast, ya chapa 6'6", yolembedwa 2 mpaka 7 kapena 2 mpaka 10 malinga ndi zimene sikelo yanena, ndiye spool yosaya kapena reel ya BFS ngati nyambo zilidi pansi pa magalamu 5.

Pali nthawi zina zoti musalimbane nazo nokha. Ngati mwasintha ndodo, mwachepetsa chingwe, koma spool ikuzungulira molemera kapena ikulira, ipititseni kwa munthu wodziwa kukonza ma reel, kawirikawiri amakhala ma bearing odzaza girizi kapena dothi, amafuna kutsukidwa n'kudonthezera oyilo wopepuka kadontho kamodzi, ndipo tizitsulo tamkatimo n'tosavuta kutaya kapena kupinda ngati simunatsegulepo. Chingwe chikamaduka pafupipafupi popanda chifukwa, pititsani kathonje mkati mwa kamphete kalikonse, pamene thonje lakodwa pali mng'alu, kameneko kakasinthidwe ndi wokonza ndodo. Nsonga ikathyoka masentimita ochepa amatha kuikapo kamphete kena, ngakhale ndodoyo idzalimbirapo pang'ono, koma ndodo yatsopano ikathyoka poponya nyambo yoyenera masiku oyambirira ibwezeni kumene munagula musanaikonze. Mukaona kuti papita milungu ingapo kupiringizana sikukutha, pemphani munthu wozolowera kawedzedwe kameneka akuonereni mukuponya, amaona m'mphindi zochepa chimene inu simungadzione. Ndipo dzanja kapena chigongono chikayamba kuwawa osasiya, kapena zala zikamachita dzanzi, pumulani mukaonane ndi achipatala, kukwapula ndodo yolimba ndi kanyambo kopepuka tsiku lonse kumapweteka minyewa.

Mukayeza nyambo zanu zisanu zimene mumaponya kwambiri, mundilembere kulemera kwa iliyonse ili ndi mbedza ndi pulasitiki yake, mutchulenso mtundu wa reel muli nayo ndi chingwe chimene chilipo, tione limodzi ngati mukufunika spool yatsopano kapena ndodo yokha ikukwanirani.